PHUNZIRO LA MWEZI UNO: ZA SINGANO NDI MAKINA OSOKERA



Mwezi uno tiphunzira za chinthu chimene tonse tachiona, ngakhale ali owerengeka amene anafunsapo za chiyambi chake. Pofika inu pamsika kapena pakhonde la sitolo, mupeza telala atawerama pa makina ake, mapazi ali kupalasa, nsalu ili kuyenda yokha pansi pa singano. Ana aima chapatali nadabwa. Akulu angopereka nsalu zawo, nafunsa mtengo, nachoka. Koma makina amenewo sanagwe kumwamba ngati mvula ayi. Anthu anavutika nawo zaka zoposa 60 asanakhale monga tiwaona lero. Ena anafa aumphawi, ena analimbana m'mabwalo a milandu, ndipo mmodzi anachita kuthawa khamu la anthu okwiya. Mbiri yawo ndiyo tifuna kuilongosola pano, kuti amene ali nawo makina awasamale mozindikira, ndi kuti achinyamata aone umo nzeru ikulira.

1. Kusoka kwa manja

Singano ndi chimodzi cha zipangizo zakale kopambana. Anthu ofukula pansi anapeza singano za mafupa a nyama, zoboola bwino kumutu, zimene anthu a m'maiko ozizira anasokera zikopa zaka zoposa 20,000 zapitazo, ndipo ulusi wawo unali mitsempha ya nyama. Pambuyo pake anthu anaphunzira kusula, napanga singano zamkuwa, kenaka zachitsulo. Ku England mudzi wa Redditch unatchuka ndi ntchito imeneyi, ndipo singano zake zinafika m'maiko ambiri akutali.

Kwathu kunonso makolo anali nazo nzeru zawo. Anasenda khungwa la mombo, nalimenya kufikira litafewa, navala nkhwende. Amang'anja a m'chigwa cha Shire analima thonje, napota ulusi, naomba nsalu zawo, ndipo David Livingstone anaziona ndi maso ake mu 1859. Kufikira lero wosoka mphasa alowetsa singano yake yaitali m'mabango, naikoka mbali ina, chingwe chili kutsata pambuyo.

Tsono tapenyetsetsani dzanja la wosoka, pakuti phunziro lonse lagona pamenepa. Zala zibaya nsalu ndi singano, niziisiya, nizikaigwiranso kuseri, nizikoka ulusi wonse kufikira utatha. Singano yonse iyenera kupyola nsalu pa kubaya kulikonse, chifukwa diso lake lili kumbuyo. Ntchito imeneyi ndi yochedwa zedi. Kampani ina yopanga makina, ya Wheeler ndi Wilson, inawerengera kuti malaya amodzi aamuna analanda maola 14 posoka ndi manja. M'mizinda yaikulu monga London ndi New York munali akazi ambirimbiri osauka amene anasoka usana ndi usiku pa kuwala kwa kandulo, maso nawawa, malipiro ali ochepa osakwanira ngakhale chakudya.

2. Amene anayamba kuyesa

Mu 1790 mmisiri wa matabwa wa ku London, dzina lake Thomas Saint, analembetsa ku boma chithunzi cha makina osokera zikopa. Dziwani kuti m'maiko amenewo munthu akatulukira luso latsopano, apita nalo ku boma, nalandira chikalata cha umwini. Ndipo kwa zaka zoikika palibe wina aloledwa kupanga chinthucho popanda kumulipira iye. Chikalata cha Saint chinasungidwa pamodzi ndi mapepala ena, nichiiwalika zaka 84. Mu 1874 munthu wina, William Newton Wilson, anachipeza, nayesa kupanga makinawo monga mwa chithunzi. Koma sanasoke kufikira iye atakonzamo zina.

Ku Vienna, m'dziko la Austria, kunali telala, Josef Madersperger, amene anathera chuma chake ndi zaka zake pa ntchito yomweyi. Makina ake oyamba anatsanza kayendedwe ka dzanja la munthu. Ngakhale anayamikidwa ndi akuluakulu, sanapindule nawo kanthu, namwalira mu 1850 m'nyumba yosungira amphawi.

Apa panali chopunthwitsa cha anthu ambiri oyamba. Iwo anati, popeza dzanja lisoka chotere, tipange dzanja lachitsulo lochita chomwecho. Koma chitsulo chilibe zala zakusiya singano ndi kuigwiranso msanga. Njira inatseguka pamene anthu analeka kufunsa umo dzanja lichitira, nayamba kufunsa chimene chifunika kuti nsalu ziwiri zigwirane.

3. Telala wa ku France ndi anzake okwiya

Woyamba kupanga makina amene anagwiradi ntchito tsiku ndi tsiku anali Barthélemy Thimonnier, telala wosauka wa ku France. Analandira chikalata chake mu 1830. Makina ake anali amatabwa, ndipo singano yake inali ndi kangowe kunsonga, konga kamene amayi alukira zoyala patebulo. Kangoweko kanatsika kupyola nsalu, nikakola ulusi wochokera pansi, nikaukwezera pamwamba, nikaulowetsa m'kupinda kwa ulusi wa poyamba. Motero msoko unaoneka ngati unyolo. Msoko wotere muudziwa, pakuti ndi wa mtundu umene atsekera pakamwa pa matumba a feteleza. Mukagwira nsonga yoyenera ndi kukoka, wonse umasuka nthawi imodzi. Pa thumba chimenechi ndi chokoma, koma pa chovala ndi chochititsa manyazi.

Ngakhale zinali zotero, Thimonnier ndi anzake anatsegula nyumba ya ntchito mu Paris, naikamo makina 80 akusoka zovala za asilikali. Atelala a mumzindamo atamva ichi anagwidwa ndi mantha, nati, makina awa adzatilanda chakudya pakamwa. Mu 1831 anasonkhana khamu lalikulu, nathyola nyumbayo, naphwanya makinawo. Thimonnier anabwerera kwawo wopanda kanthu. Sanaleke kukonza makina ake zaka zonse zotsatira, koma mwayi sunamubwererenso, namwalira wosauka mu 1857 m'mudzi wa Amplepuis.

Tisafulumire kuwaseka atelala aja. Anali ndi akazi ndi ana, ndipo luso lawo lonse linali m'zala zawo. Munthu woona chitsulo chili kuchita ntchito ya anthu asanu ayenera kufunsa kumene anayi otsalawo adzadya. Funso lawo linali loona. Chimene chinalakwika ndi yankho lawo, pakuti kuphwanya matabwa sikupha nzeru imene yalowa kale m'mitu ya anthu.

4. Diso la singano lisamukira kunsonga

Tsono tiwoloke nyanja kunka ku America. Mu New York munali munthu wa nzeru zambiri, Walter Hunt. Cha m'ma 1833 iye anapanga makina okhala ndi zinthu ziwiri zimene zili m'makina athu kufikira lero. Choyamba, diso la singano analiika kunsonga, osati kumbuyo. Potero singano siyenera kupyola yonse, ingolowetsa mutu nibwerera. Chachiwiri, anagwiritsa ntchito maulusi awiri, wina pamwamba, wina pansi, okolana m'kati mwa nsalu. Koma Hunt sanapite nalo luso lake ku boma, nalisiya, nayamba zina. Ndiye yemweyo amene mu 1849 anapinda kawaya napanga phini wotseka, uja amayi amangira thewera la mwana. Umwini wake anaugulitsa madola 400, ndipo amene anagulawo ndiwo analemera nawo.

Pambuyo pake anadza Elias Howe, wobadwa mu 1819 ku Spencer, m'chigawo cha Massachusetts. Anali mmisiri wa zitsulo wolandira pang'ono, wa thupi lofooka, ndipo mkazi wake anasokera anthu ndi manja kuti banja lidye. Howe sanadziwe za makina a Hunt, koma atayesa njira zambiri anafika pa nzeru yomweyo ya diso la kunsonga ndi maulusi awiri. Mnzake George Fisher anamusunga m'nyumba mwake, namubwereka madola 500. Mu 1845 makinawo anatha, ndipo anabaya nsalu ka 250 pa mphindi imodzi. Howe anawaonetsa mu Boston, napikisana ndi akazi asanu odziwa kusoka msanga. Iye yekha anatsiriza misoko isanu iwo asanatsirize umodzi umodzi. Anthu anazizwa, koma palibe anagula, pakuti mtengo wake unali madola 300, ndiponso makinawo anali ndi chilema. Nsalu inapachikidwa choimirira pa timisomali, ndipo itasokedwa kachigawo kakafupi, wosoka anayenera kuima ndi kuipachikanso.

Pa 10 September 1846 Howe analandira chikalata chake cha umwini. Mbale wake Amasa anapita ndi makina ku England, nawagulitsa mapaundi 250 kwa William Thomas wa ku London. Howe mwini anatsatira kukagwira ntchito kwa munthuyo, koma sanamvane, ndipo umphawi unamugwira kolimba m'dziko la eni. Anapinyolitsa makina ake ndi chikalata chomwe kuti apeze ya ulendo, nabwerera ku America mu 1849. Anapeza mkazi wake ali kudwala chifuwa chachikulu, ndipo posakhalitsa anamwalira. Ali m'maliro momwemo, anaona kuti anthu ena ayamba kupanga ndi kugulitsa makina a nzeru yake, osamupatsa kanthu.

5. Umo msoko umangikira

Tiyambe taima pa mbiriyi, tione m'kati mwa makina, pakuti ambiri asoka zaka zambiri osadziwa chochitika pansi pa nsalu. Ulusi uli pawiri. Wina utsika kuchokera pamwamba, nulowa m'diso la singano. Wina uli pansi, wokulungidwa pa kachitsulo kamene atelala akatcha bobini. Bobiniyo ikhala m'kachotengera kake, ndipo m'makina akale kachotengerako kanali kosongoka ngati bwato, nikayenda uku ndi uku.

Choyamba, singano itsika niboola nsalu, nitenga ulusi wapamwamba kunka nawo pansi. Chachiwiri, singano iyamba kukwera. Koma nsalu igwirako ulusi pang'ono, motero ulusiwo utsalira, nupindika pambali pa singano, nukhala ngati kakhwekhwe kamene anyamata atchera nkhwali. Chachitatu, kabwato kaja kalowa m'kakhwekhweko nikapyola, ulusi wapansi uli pambuyo pake. Chachinayi, kamkono kachitsulo kamene mukaona kali kugwedera pamwamba kakoka ulusi wotsala, ndipo maulusi awiriwo akolana pakati penipeni pa nsalu. Chachisanu, nsalu isendera pang'ono, ndipo zonse ziyambanso. Msoko wotere sumasuka ndi kukoka nsonga, chifukwa kubaya kulikonse kuli ndi kukolana kwakekwake.

Aphunzitsi a m'midzi, chitani ichi ndi ana anu. Tengani chikatoni, mubooleko mabowo mumzere, mupatse mwana mmodzi chingwe choyera akhale pamwamba, ndi wina chakuda akhale pansi. Wapamwamba apinde chingwe chake nachilowetse m'bowo. Wapansi apyoletse chake m'kupindako. Pamenepo wapamwamba akoke. Akatero pa mabowo khumi adzakhala atazindikira chimene chinasautsa amisiri zaka zambiri.

6. Singer ndi Wilson akonza zotsala

Dzina limene tilidziwa tonse ndi la Isaac Singer, ndipo ambiri ayesa kuti iye ndiye mwini nzeru yonse. Si choncho ayi. Singer anabadwa mu 1811, ndipo pa unyamata wake anayendayenda ndi magulu a zisudzo, nagwiranso ntchito za zitsulo. Mu 1850 anali mu Boston, m'nyumba ya ntchito ya Orson Phelps, mmene munali makina osokera a anthu ena amene anavuta kawirikawiri. Singer anawayang'ana, naona pamene panali chilema, nabwereka madola 40, napanga ake m'masiku 11. Singano anaiongola, naiyendetsa chotsika ndi chokwera. Nsalu anaigoneka patebulo, pansi pa mkono wachitsulo, kuti wosoka aitembenuze monga afuna. Anaika kaphazi kopanikiza nsalu kuti isanyamuke pamodzi ndi singano. Anaikanso chopondapo, kuti mapazi ayendetse gudumu ndipo manja onse awiri atsale pa nsalu. Chikalata chake analandira pa 12 August 1851.

Pa nthawi yomweyo mmisiri wina wa matabwa, Allen B. Wilson, munthu wosatchuka, anatulukira zinthu ziwiri zokoma kopambana. Mu 1851 anapanga kangowe kozungulira, kamene kakola ulusi wapamwamba nikauzunguliza pa bobini, m'malo mwa kabwato koyenda uku ndi uku. Motero makina anayenda mofatsa ndi mopanda phokoso lambiri. Ndipo mu 1854 analandira chikalata cha mano aja ali pansi pa kaphazi. Chotsani nsalu, muzungulize gudumu pang'onopang'ono, muwapenye. Akwera nagwira nsalu, aikankhira kutsogolo, atsika naisiya, nabwerera pamalo pawo. Mayendedwe anayi amenewa ali m'makina ambiri a m'nyumba kufikira tsiku lino. Akazinso anaikapo nzeru zawo: mu 1873 Helen Blanchard analandira chikalata cha msoko wokhotakhota, wotchinga m'mphepete mwa nsalu kuti isasosoke.

7. Mlandu ndi pangano

Howe, ataombola chikalata chake ku London, anasumira onse opanga makina popanda chilolezo chake. Singer anakana kulipira, nafunafuna Walter Hunt kuti aonetse kuti nzeru ya diso la kunsonga inalipo kale. Oweruza anavomereza kuti Hunt ndiye anayamba. Koma anati, popeza anaisiya ntchitoyo zaka zambiri osailembetsa, umwini ukhala wa Howe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Potero mu 1854 Howe anapambana, ndipo Singer anamulipira madola 15,000.

Koma milandu siinathere pomwepo, chifukwa makina abwino anafuna nzeru za anthu onsewa pamodzi: singano ya Howe, kaphazi ka Singer, mano a Wilson, ndi zina za ena. Aliyense anagwira chigawo chake, naletsa anzake, ndipo ndalama zinathera kwa oimira milandu. Mu 1856 anakomana mumzinda wa Albany, ndipo Orlando B. Potter, wa kampani ya Grover ndi Baker, anawapangira kuti aike zikalata zawo zonse pamodzi, aliyense apange makina athunthu, nalipira ku thumba limodzi. Anavomera, pakuti anaona kuti mutu umodzi susenza denga. Howe anapatsidwa madola 5 pa makina alionse ogulitsidwa mu America, ndi dola imodzi pa otumizidwa kunja. Munthu uja anapinyolitsa katundu wake ku London anasanduka wolemera ndithu. Koma sanadyerere nthawi yaitali, pakuti anamwalira mu 1867 ali ndi zaka 48. Singer anamwalira ku England mu 1875, nasiya chuma chambiri ndi milandu ya m'banja, popeza makhalidwe ake a pa ukwati sanali oyenera kuwatsanza. Pangano lija linatha mu 1877, ndipo mitengo ya makina inatsika.

8. Umo makina anafikira m'nyumba za anthu wamba

Chinatsala ndi mtengo. Makina amodzi anagulidwa madola 100 kapena kuposa, ndipo banja wamba silikanatha kutulutsa ndalama zotere tsiku limodzi. Mnzake wa Singer pa malonda, Edward Clark, woimira milandu, ndiye anapeza njira mu 1856. Analola munthu kupereka pang'ono poyamba, natenga makina kunka nawo kwawo, nalipira zotsala mwezi ndi mwezi, makinawo ali kumupezera ndalama. Malonda anakula kwambiri, ndipo njira imeneyi inafalikira ku katundu wina wamitundumitundu.

Mu 1867 kampani ya Singer inayamba kupanga makina ku Glasgow, m'dziko la Scotland, ndipo mu 1885 inatsiriza kumanga fakitale yaikulu ku Kilbowie, mu Clydebank, imene pa nthawi ina inalemba anthu oposa 10,000. Malowa ali pa mtsinje wa Clyde, womwewo umene uyenda pambali pa mudzi wa Blantyre kumene Livingstone anabadwira. Fakitaleyo inatsekedwa mu 1980, koma makina ake akali kusoka. Ngati muli nawo a Singer akale, funani nambala ya mtundu wake. Mukapeza chilembo K pambuyo pa nambala, monga 15K kapena 99K kapena 201K, dziwani kuti anachokera ku Kilbowie. Makina oyendera magetsi anayamba kugulitsidwa ndi kampaniyo mu 1889, koma m'midzi yopanda magetsi chopondapo ndi chopukusa ndi dzanja ndizo zikali kuthandiza. Pambuyo pake a ku India ndi a ku China anapanga awo, monga Usha ndi Butterfly, otsata kapangidwe ka Singer wakale.

Kwathu kuno makina analowa ndi amishoni amene anaphunzitsa kusoka, ndi amalonda amene anakhazika atelala pakhonde la masitolo awo, ndiponso ndi amuna obwera ku ntchito ku Joni ndi ku Halale. Munthu wobwera ndi njinga ndi makina osokera anayesedwa kuti ulendo wake unamuyendera bwino.

9. Zokoma ndi zowawa

Malaya aja analanda maola 14 anayamba kusokedwa pa ola limodzi ndi mphindi zowerengeka. Zovala zinatsika mtengo, ndipo osauka anakhala nacho chosinthira. Ntchito ya kusoka siinathe monga anaopera atelala a ku Paris. Inachuluka, chifukwa anthu anagula zovala zambiri. Akazi amasiye ambiri analera ana ndi makina amodzi.

Koma walira mvula walira matope. Eni mafakitale ena, poona kuti wosoka atsiriza zovala zambiri pa tsiku, anatsitsa malipiro a chovala chimodzi, naunjika antchito m'zipinda zothinana maola ambiri. Pa 25 March 1911 moto unabuka m'fakitale ya zovala ya Triangle mu New York, ndipo anafa anthu 146, ambiri a iwo atsikana obwera kuchokera kumaiko ena. Ambiri analephera kuthawa chifukwa khomo lina lotulukira linali lokhoma. Imfa zimenezi zinachititsa boma la kumeneko kuika malamulo atsopano otchinjiriza antchito. Taonani tsono kuti makina apeputsa dzanja, koma sachotsa umbombo mumtima mwa munthu.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Telala wa pamsika wathu apikisana ndi kaunjika, ndipo ntchito yake yambiri ndi ya mayunifolomu a ana a sukulu, madiresi a zitenje, ndi kuchepetsa kapena kuphatika zovala zakale. Musamuchedwetsere malipiro ake mutatenga chovala. Ndipo inu ofuna kugula makina pa ngongole, muyambe mwaphunzira kusoka kwa wodziwa, muwerengenso ngati m'mudzi mwanu muli anthu okwanira kukupatsani ntchito m'miyezi ya njala yomwe. Pakuti ngongole siidziwa kuti dzinja lafika.

10. Kasungidwe ka makina

Ndili mnyamata, amalume anga anali ndi makina amene anabwera nawo ku Joni. Mafuta ake atatha, anathiramo mafuta ophikira, nati mafuta ndi mafuta. Masabata oyamba anayenda bwino. Koma mafutawo anauma ngati ulimbo, nagwira fumbi, ndipo tsiku lina gudumu linakana kuzungulira, pamene nsalu za ukwati wa eni zinali m'nyumba. Tinawanyamula pa njinga ulendo wa tsiku lonse kunka kwa mmisiri, amene anawamasula nawatsuka ndi palafini. Ndipo ndalama zimene amalume analipira zikanagula mabotolo ambiri a mafuta oyenera. Chifukwa chake sungani malangizo awa.

Thirani mafuta a makina okhaokha, dontho limodzi pa malo alionse pamene zitsulo zikhudzana, ndipo mupukute otsala musanaike nsalu. Chotsani kawirikawiri nyenyeswa za ulusi zimene ziunjikana pa mano ndi pa bobini. Nthenga ya nkhuku ikwanira ntchito imeneyi. Singano yobuntha kapena yopindika muichotse, pakuti idumpha misoko niwononga nsalu. Ndipo yatsopano muilowetse kufikira kumapeto, moyang'ana mbali yoyenera makina anuwo. Mukaona ulusi uli kuunjikana kunsi kwa nsalu, musathamangire kumasula bobini. Kawirikawiri cholakwa chili pa ulusi wapamwamba, umene walowetsedwa molakwa kapena walekerera. Musakoke nsalu ndi mphamvu, lolani mano aiyendetse okha, inu mungoiongolera. Lamba akatayika, mufupikitseni pang'ono, koma asathine kwambiri. Mukatha ntchito vundikirani makina, muwaike pouma, patali ndi ana aang'ono. Makina osungidwa chotero asokera mwini wake, ana ake, ndi adzukulu omwe.

Mafunso a pa phunziro

1. N'chifukwa ninji makina otsanza dzanja la munthu analephera?
2. Msoko wa Thimonnier usiyana bwanji ndi wa Howe?
3. Tchulani mayendedwe anayi a mano a Wilson.
4. Hunt ndiye anayamba, koma umwini unapita kwa Howe. Kodi oweruza anaweruza bwino? Kambiranani.
5. Atelala a ku Paris akanachita chiyani m'malo mwa kuphwanya makina?
6. Ndi chipangizo chiti cha pakhomo panu, khasu kapena mtondo kapena mbaula, chimene chikuvutani, ndipo mungachikonze motani?

Funso lotsirizali musalilumphe. Saint ndi Wilson anali amisiri a matabwa, Madersperger ndi Thimonnier anali atelala, Howe anali wantchito wa malipiro ochepa. Aliyense anapenya chipangizo chimene chinali m'manja mwake, nawonjezapo kamodzi. Amene adziwa kuwerenga awerengere anzawo madzulo, ndipo mayankho anu muwapereke kwa mphunzitsi wa m'mudzi mwanu kuti atitumizire.

Tsalani bwino nonse. Ndine mnzanu ndi mphunzitsi wanu.